Bwanji Zotsatira za ku Labotale Zimachedwa?

 Ine ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala, ndipo ndiyankha funso limene ambiri mumandifunsa: bwanji zotsatira za chimbudzi kapena magazi zimatenga masiku atatu kapena kuposerapo?

Mabakiteriya ambiri amafanana nkhope. Tikawapaka utoto mwa njira imene Hans Christian Gram anatulukira mu 1884, Salmonella Typhi, amene amayambitsa taifodi, ndi E. coli, amene tonsefe tili naye m'matumbo, amaoneka chimodzimodzi pa maikulosikopu: timitengo tofiira basi. Choncho timawasiyanitsa poona chimene aliyense amadya.

Tsiku loyamba timawadzala m'mbale ya chakudya chotchedwa MacConkey ndi kuwafunditsa pa madigiri 37 kwa maola 18 mpaka 24. E. coli amagaya shuga wa mumkaka, ndipo timagulu take timamera tapinki. Salmonella sagaya shugayu, timagulu take timakhala totuwa. Vuto nlakuti wina, Proteus, nayenso amamera motuwa. Ndiye tsiku lachiwiri timawapatsa urea: Proteus amamuphwanya, chubu nkusanduka pinki, pomwe Salmonella sasintha kanthu. Tikamakayikira kolera timachita mayeso a oxidase. Vibrio cholerae amasandutsa kapepala kathu kukhala kapepo m'masekondi 10, chinthu chimene Salmonella ndi E. coli sachita. Tikadziwa dzina la mdani, pamafunika usiku wina kuti tione mankhwala amene angamuphe.

Anzanga, masiku amenewa si ulesi wathu ayi. Kuyambira mu 2011 taifodi inachuluka kwambiri mu Blantyre, ndipo inali ya mtundu wosamva mankhwala atatu amene tinkawadalira: ampicillin, chloramphenicol ndi Bactrim. Munthu wogula makapisozi pagolosale angathe kumwa sabata yathunthu matenda akukulirakulira, mpaka matumbo kubooka. Komanso wodwala akayamba wamwa mankhwala asanapereke magazi, mabakiteriya amakana kumera m'mbale zathu, ife nkusowa choyeza.

Pempho langa nali. Mwana akatentha thupi masiku angapo, malungo osapezeka, thamangirani naye kuchipatala asanamwe kapisozi aliyense. Dokotala akamuyambitsa mankhwala, amwe monga wauzidwira, koma mubwerere kukamva zotsatira, pakuti mwina mankhwalawo afunika kusintha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.