TIDZILEMBE TOKHA PA MAPU

Mau amene anayankhulidwa pa msonkhano wa Nthambi ya Muloza

Nkhani yathu lero iri ya foni ndi intaneti. Tikudziwa kuti akulu ena ayamba kale kunena mumtima kuti, "Izo nza ana." Iai makolo, khalani pansi, pakuti pomaliza muona kuti nchito imeneyi siingatheke popanda inu.

Tonse tikukumbuka mwezi wa Marichi m'chaka cha 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, ndipo madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Mulanje nkukokolola nyumba, minda ndi milatho. M'dziko lonse akufa ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Sitikufuna kutukula zilonda. Koma tifunsane: munthu wodzathandiza, wochokera ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, amene sanapondepo kuno, amadziwa bwanji kumene kuli midzi? Amayang'ana pa mapu. Ngati mudzi wanu suli pa mapu, kwa iye pamenepo mpatchire, ndipo ufa ndi mankhwala zidzayamba zafika kwina.

Kale mapu anali kujambulidwa ndi a Boma okha, ife nkumangoona oyeza malo akudutsa ndi zida zao. Mabuku ndi nyuzipepala nazo zinali chimodzimodzi: ochepa alembe, ambiri awerenge. Tsopano pa intaneti pali zipangizo zimene wowerenga aliyense angathe kulembamo, kuonjezera ndi kukonza zolakwa za mnzache. Anthu zikwi zambiri, osadziwana nkhope, amagwira nchito imodzi. Ife a kumudzi zimenezi sizachilendo: ndi dima. Munda umodzi, makasu ambiri.

Chipangizo choyamba chimene tifuna mudziwe dzina lache ndi OpenStreetMap. Anachiyambitsa ndi Steve Coast ku England m'chaka cha 2004, ndipo ndi mapu a dziko lonse lapansi amene munthu aliyense angajambulepo mwaulere. Mphamvu yache inaoneka m'chaka cha 2010, pamene chibvomezi chinagumula mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti. Anthu ongodzipereka a m'maiko ambiri anakhala pa makompyuta ao, nayang'ana zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo m'masiku owerengeka anajambula miseu ndi malo othawirako anthu, opulumutsa nkumayendera mapu omwewo.

Kagwiridwe kache nkotere. Dera limadulidwa m'timagawo ting'onoting'ono, monga momwe timagawirana ndime pa dima. Munthu atenga ndime yache, najambula nyumba iriyonse, njira ndi mtsinje zimene akuziona pa chithunzi. Akatha, wina wozolowera amadutsamo kuona ngati mnzache walima bwino kapena wangokwirira udzu. Chirichonse chosinthidwa chimasungidwa, kotero kuti wina akaononga, enanso angathe kubwezeretsa.

Musaganize kuti izi nza kutali. M'chaka cha 2014 bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team linagwirizana ndi Boma lathu kuphunzitsa Amalawi nchito imeneyi, ndipo anayenda m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje kulemba malo pa mapu. Pamene madzi anasefukira ku Chigwa cha Shire mu Januwale 2015, panali poyambira.

Tsono imvani apa, pakuti mpamene pagona nkhani. Chithunzi cha kumwamba chimaona denga, koma sichidziwa ngati dengalo ndi la sukulu, la tchalichi kapena la chigayo. Sichiona njira yodutsa pansi pa mitengo. Sichidziwa dzina la mudzi, kapena mjigo umene unafa chaka chatha, kapena pamene timaolokera mtsinje wa Muloza m'chilimwe koma m'dzinja osayerekeza. Mnyamata wa ku London angajambule nyumba zathu zonse, koma sangadziwe kumene madzi anafika. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Agogo athu amene anamva za Napolo wa ku Phalombe m'chaka cha 1991, naona ndi maso ao za 2023, akudziwa khwawa liri lonse ndi chitunda chiri chonse chothawirapo. Nzeru zimenezo zikakhala m'mitu mokha, tidzaziika m'manda pamodzi ndi eni ache.

Wina ati, "Ine foni ya intaneti ndiribe, ndipo ndalama ya bandulo ndiitenga kuti?" Funso limenelo nloona. Koma pali njira yochedwa Field Papers. Mapu a dera lathu amasindikizidwa pa pepala wamba. Tikhala nalo pansi pa mtengo, mfumu ndi akulu nkumaloza, wodziwa kulemba nkumalemba ndi pensulo. Pambuyo pache wachinyamata mmodzi ajambula pepalalo ndi foni, nalowetsa zolembedwazo pa mapu. Foni imodzi ikwanira mudzi wonse. Mutu umodzi susenza denga.

Chipangizo chachiwiri ndi Wikipedia, buku lalikulu la nzeru zosiyanasiyana limene linayamba m'chaka cha 2001, ndipo limalembedwa ndi anthu wamba ongodzipereka. M'Chingerezi muli nkhani zoposa 6 miliyoni. M'Chichewa nkhani zache sizifika ngakhale 2,000. Manyazi amenewa ngathu, pakuti palibe amene anatiletsa kulembamo. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira. Anthuwo ndife! Kodi mwana wa Sitandade 8 akafuna kuwerenga za Sapitwa, za mkungudza, za mbiri ya minda ya tiyi kapena za chipata chathu cha ku Milange, adziwerenga m'chiyankhulo cha eni mpaka liti? Koma dziwani lamulo la kumeneko: salola miseche kapena kudzitama. Chimene walemba uonetse buku, nyuzipepala kapena kalata ya Boma kumene wachitenga. Apa aphunzitsi athu ndiwo atitsogolere.

Ife a Mulanje tiyenera kufunsanso funso lina, chifukwa tinalumidwapo. Mau akuti thangata poyamba anali kutanthauza kuthandiza, koma pa minda ya azungu anasanduka nchito yokakamiza yolipirira malo okhala: khasu lako, zokolola za mwini munda. Chotero pa intaneti paliponse pamene mukulemba, dzifunseni: kodi munda uwu ngwa yani? Pa Facebook ndi WhatsApp timatumizirana uthenga wa maliro, mitengo ya nandolo ndi zithunzi za ana, ndipo nzothandiza ndithu. Koma mwini wache ndi kampani imodzi ya ku America yochedwa Meta, ndipo malamulo amaika ndi iyo. Pa OpenStreetMap ndi Wikipedia lamulo lache nlakuti zimene zalembedwa aliyense angazitenge ndi kuzigwiritsa nchito mwaulere, bola atchule kumene wazitenga ndi kusatsekereza anzache. Kumeneko ndiko ku dima, kumene nkhokwe iri ya tonse.

Sitingatsirize osachenjezana. Mpeni wosendera chinangwa ndi womwewo umacheka chala. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinayaka ngati moto wa lupsa kuno ku Mulanje ndi maboma oyandikana nafe. Anthu anaphedwa popanda mlandu, ndipo mabungwe ena othandiza anayamba achotsa anchito ao m'dera lino. Bodza loyenda pakamwa limatopa panjira, koma la pa foni limafika ku Johannesburg nsima isanapse. Chimene simunachione ndi maso, kapena kuchimva kwa woyenera, musachitumize kwa wina.

Tsono Nthambi ino ikupempha zinthu zinai.

Choyamba, mudzi uli wonse usankhe achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, oti aphunzire kujambula mapu.

Chachiwiri, Mafumu aitanitse akulu kuti aloze pamene madzi anadutsa, pamene pali mijigo, milatho, sukulu, zipatala ndi zitunda zothawirapo. Amai asatsalire, pakuti njira za kumadzi ndi za kunkhuni akuzidziwa ndi iwo.

Chachitatu, pa mapu tilembe malo, osati maina a anthu. Za manda ndi malo opatulika tiyambe tafunsa Mafumu. Ndipo wina asayese kukuza munda wache pa mapu amenewa, pakuti sagamula milandu ya malire; imeneyo ndi ya kubwalo.

Chachinai, nchito imeneyi tiitsirize mvula isanagwe, ndipo mapu akatha tisindikize, limodzi likhale kwa mfumu, lina ku sukulu, lina ku komiti yoona za ngozi.

Abale, mvula idzabweranso, ndipo phiri silisuntha. Tsiku limenelo, wodzatifunafuna asadzafunse kuti kodi kumeneko kuli anthu. Adzapeze dzina la mudzi wathu litalembedwa, ndi njira yofikirako, ndipo alembi ache tikhale ife eni.