Kukadwalira Kumudzi: Za Chuti ndi Malipiro a Wodwala

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za cinthu cimene ife a kum'mawa timacita kawiri-kawiri osaganiza kuti cingatidyere malipiro, ndico kuthamangira kumudzi pamene thupi layamba kuwawa.

Palibe wosadziwa mwambo wathu. Munthu akagona masiku atatu kapena anai m'tauni, mtima wace umayamba kukumbukira kwao. Mwina alongo ace amatumiza mau akuti, "Bwerani naye kuno timuone ndi maso athu." Tsono amalonga zobvala zace, nakwera basi m'bandakuca, osatsazika kapitao wace, osatenga kalata ya ku cipatala. Ine sindinyoza mwambo umenewu iai, pakuti phala la amai limatsika ngakhale pakhosi potupa. Koma lamulo la nchito silidziwa kukoma kwa phalalo. Munthu wocoka cotero silimuyesa wodwala, limamuyesa wojomba.

Makolo athu anali ndi kawerengedwe kena ka masiku. Pamene msonkho unawatulutsa m'midzi, ambiri a Cinsenga anayenda pansi kudzera ku Feira, kumene tsopano ticha Luangwa, naoloka Zambezi kunka ku Harare ndi ku migodi ya malasha ya ku Wankie. Ena anabwera ku migodi ya mkuwa. Kumeneko munthu anali kupatsidwa tikiti ya masiku 30, ndipo kapitao anali kulembapo tsiku liri lonse limene wagwira nchito. Tsiku logona ndi malungo silinali kulembedwa, cotero tikiti inali kucedwa kudzala ndipo ndalama zinali kucedwa kubwera. Wofuna kukaona amai ace anali kungosiya nchito, nadzayambanso pansi pobwera. Wocita mantha kusiya anali kukhaliratu, ndipo kwathu anali kumucha mchona. Zinthu zinayamba kusintha pamene anchito anagwirizana. Bungwe la anchito a m'migodi linakhazikitsidwa m'caka ca 1949, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu. Titalandira ufulu mu 1964, Boma linaika lamulo la nchito m'caka ca 1965, ndipo mu 2019 linaika lina m'malo mwace, lochedwa Employment Code Act. Ziwerengero zimene nditi ndikuuzeni zacokera m'lamulo la 2019 limeneli.

Kuti nkhani imveke, tiyeni titenge citsanzo ku malo amodzi a nchito. Ali yense wopita kwathu pa mseu waukulu wa kum'mawa amapitirira pa cipata ca University of Zambia, sukulu yaikulu imene inatsegulidwa ku Lusaka mu 1966. Inu a ku Kitwe muli ndi yanu, Copperbelt University, ya caka ca 1987. Anthu akamva za Yunivesite amaganiza za aphunzitsi ozama okha-okha, koma kumeneko kulinso ophika, osesa, alonda, oyendetsa magalimoto ndi makalaliki, ndipo pakati pao ana a kum'mawa sasowa. Cimene cimandikondweretsa n'cakuti lamulo liri limodzi kwa mphunzitsi wamkulu, kwa wosesa m'cipinda cace, ndi kwa inu otsika pansi ku Mufulira. Lamulo limaika malire a pansi. Bungwe la anchito likapangana ndi olemba nchito, pangano lao likhoza kuonjezera masiku, koma silingacepetse. Cifukwa cace ali yense afunse kwa mlembi wa bungwe lace cimene cinalembedwa m'pangano lao, pakuti safunsa anadya phula.

Tiyerekeze tsono kuti pali munthu wa kwa Mfumu Ndake ku Nyimba, wophika pa Yunivesite ina, amene wagwira nchito zaka 8. Malipiro ace enieni ndi K2,000 pa mwezi, ndipo pamodzi ndi ndalama za nyumba ndi zina amalandira K2,600.

Coyamba, chuti cace ca pa caka. Munthu akatha miyezi 12 pa nchito imodzi, ayenera kupatsidwa masiku 2 pa mwezi uli wonse, ndiwo masiku 24 pa caka, ndi malipiro onse. Masiku a cikondwerero ca dziko ndi tsiku lopumula la pa mlungu saziwerengera m'menemo. Ngati caka catha osampatsa masikuwo, ayenera kumlipira ndalama zace, ndipo kawerengedwe kace ndi kotere: malipiro a mwezi agawidwe pa 26. Kwa mnzathuyu tsiku limodzi ndi K100, ndipo masiku 24 ndi K2,400. Masiku 24 amaoneka ambiri ukawawerenga pa pepala, koma mseu umadyako. Wocokera ku Kitwe amataya tsiku kufika ku Lusaka, tsiku lina kukwera mapiri, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupitirira Kacholola ndi kugula nthoci pa Nyimba, ndipo wa ku Petauke akatsika pa Boma amafunanso njinga yomfikitsa kumudzi. Kupita ndi kubwera, masiku anai kapena asanu apita asanagwire khasu.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Tinene kuti mnzathu uja wadwala cifuwa cacikulu. Lamulo liti wodwala apatsidwe chuti ca matenda akaonetsa kalata ya ku cipatala. Mumvetse mau amenewo: akaonetsa kalata. Ngati pangano lace la nchito ndi lopitirira caka, alandira malipiro onse miyezi 3 yoyamba, ndi theka la malipiro miyezi 3 yotsatira. Ngati pangano lace ndi lalifupi, losapitirira caka, alandira malipiro onse masiku a nchito 26, ndi theka masiku ena 26. Miyezi 6 ikatha osacira, olemba nchito akhoza kumpumitsa, koma pokha-pokha dotolo atanena cotero, ndipo sangamcotse manja ali zii. Ayenera kumpatsa ndalama zosacepera malipiro enieni a miyezi 3 pa caka ciri conse cimene anatsiriza. Werengani nane: zaka 8, miyezi 3 pa caka, ndiyo miyezi 24, pa K2,000 zikwana K48,000. Ndalama zimenezo zikhoza kugula malata, ng'ombe zolimira, ndi kusunga ana pa sukulu.

Nanga akacoka usiku osanena? Mlungu woyamba anzace amambisa. Mlungu waciwiri kalaliki amalemba m'buku kuti sanaoneke. Pakutha mwezi kalata yomuitana kudzayankha mlandu yapita ku nyumba imene iye kulibe. Akabwera patapita miyezi inai, woonda, ndi cinkhuku ca mphatso m'manja, apeza malo ace muli wina, ndipo ngakhale a bungwe afune kumthandiza amasowa pogwira, cifukwa palibe pepala lonena kuti anali kudwala. Matenda ndi omwewo, munthu ndi yemweyo, zaka 8 ndi zomwezo. Casiyanitsa K48,000 ndi manja opanda kanthu ndi kalata imodzi ya cidindo.

Ena adzati, "Koma ine ndinali kwa sing'anga wa kwathu, ndipo anandiciritsa." Za mphamvu ya mankhwala a makolo sinditsutsana nanu madzulo ano. Ndingonena kuti kalata imene lamulo lifuna ndi ya dotolo kapena wanchito wa cipatala wolembedwa m'buku la Boma. Ndipo zipatala kwathu ziripo. Ku Nyimba kuli cipatala ca Boma. Ku Petauke kuli ca pa Boma ndi cacikulu ca Kalindawalo, kulinso ca Mishoni ku Minga. Cotero wofuna kukadwalira kumudzi ayambe waonana ndi dotolo wa m'tauni, apereke kalata kwa olemba nchito, anene kumene apita. Wodwala ali kale kumudzi pa chuti apite ku cipatala masiku ace asanathe, apemphe kalata yolembedwa masiku ndi cidindo, aijambule pa foni ndi kutumiza cithunzi kwa kapitao wace, koma pepala lenileni alisunge m'cikwama. Masiku olembedwa m'kalata akatha iye asanapeze bwino, abwererenso akatenge ina.

Inu a m'migodi, musasokoneze nkhani iyi ndi ya kubvulala pa nchito kapena cifuwa ca pfumbi la miyala. Zimenezo ziri ndi lamulo lace la 1999 la cipepeso ca anchito, limene likulu lace liri ku Ndola, ndipo kupima mapapo kumacitika ku Kitwe.

Pali chuti cina cimene cimatibvuta ife a kum'mawa koposa anzathu ena, ndico ca maliro. Lamulo lipatsa masiku 12 pa caka ndi malipiro, munthu akafedwa mkazi kapena mwamuna wace, kholo, mwana, kapena wina amene iye amamsunga. Onani kuti amalume sanachulidwe. Amene analemba lamulo anaganiza za banja la atate, amai ndi ana, koma kwa ife Ansenga, amene timatsata mtundu wa amai, amalume ndiwo mwini mbumba. Ndiwo anaweruza milandu yathu, mwina ndiwo anagulitsa mbuzi kuti ife tiphunzire, ndipo mphwao wosafika pa maliro ao adzanenedwa mpaka imfa yace. Mwai wace lamulo lomwelo linasiya khomo lina, pakuti limalolanso chuti cimeneci pa cifukwa cina comveka ca cisoni. Cotero musaname kuti amwalira ndi atate anu. Ndamva za anthu amene anaika atate ao m'manda kawiri m'buku la kalaliki, ndipo tsiku limene atate enieni anamwalira anasowa conena. Fotokozani coona, kuti womwalirayo ndi ndani kwa inu monga mwa mwambo wathu, ndipo ngati kapitao ndi wa mtundu wina wosadziwa zimenezi, tengani wa bungwe akuthandizeni kufotokoza.

Wodwazika mkazi, mwamuna, mwana kapena wina womsunga ali ndi masiku 7 pa caka, nayenso ndi kalata ya dotolo, ndi masiku ena 3 a zosamalira banja monga za ku sukulu ya mwana. Amai ali ndi tsiku limodzi mwezi uli wonse losafuna kalata kapena kufotokoza cifukwa, ndi milungu 14 ya ucembere. Atate a mwana wobadwa ali ndi masiku 5.

Cotsiriza ndi ici. Si onse osesa kapena olonda pa Yunivesite ndi pa mgodi amene analembedwa ndi Yunivesite kapena mgodiwo. Ena analembedwa ndi kampani ina imene inapatsidwa nchitoyo, ndipo kalata ya matenda iyenera kupita kwa amene dzina lao liri pa pepala lanu la malipiro. Tayang'anani pepalalo usiku uno. Ngati akuchani waganyu cikhalireco mwagwira nchito yomweyo caka ndi caka, dziwani kuti lamulo linaletsa kulemba munthu monga waganyu pa nchito yokhalitsa, ndipo a ofesi ya Labour amamva madandaulo otere. Popita kumeneko tengani pangano lanu, mapepala a malipiro, ndi makalata onse a ku cipatala.

Nthawi yanga yatha. Amene mupita kumudzi mwezi uno mukapereke moni kwa onse a ku Minga, a kwa Nyalugwe ndi a kwa Kalindawalo.