Dzimbiri la tirigu: limakhala kuti tikakolola?

Mawu amene mlangizi wa zaulimi anayankhula pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha dera

 Ndabwera ndi phesi la tirigu ili, ndipo ndipempha kuti liyende m'manja mwanu. Mukalisisita muona kuti zala zikutsala ndi fumbi lofiirira ngati la khasu logonera pamvula. Limeneli ndi dzimbiri la m'phesi, nthenda imene alimi a tirigu kumapiri, monga ku Tsangano ndi ku Neno, ayenera kuidziwa bwino.

Choyambitsa nthendayi ndi kachilombo ka m'gulu la bowa, kamene akatswiri amakatcha Puccinia graminis. Fumbi lili m'zala zanulo ndi timbewu take. Kambewu kamodzi kakatera pa phesi lonyowa ndi mame, n'kukhala ponyowapo kwa maola 6 kapena 8, kamamera ndi kulowa m'kati kudzera m'timabowo topumira mmera. M'menemo kamadya chakudya chimene chikanapita ku ngala. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri khungu la phesi limang'ambika, pamatuluka chilonda chodzaza ndi timbewu tina tambirimbiri, mphepo n'kutitenga. Werengani nokha kuti zimenezi zingabwerezedwe kangati kuchoka pobzala kufika pokolola. N'chifukwa chake munda wooneka bwino lero umatha kugwa pansi pakangotha mwezi, njere zake zili zofota, zosadzaza n'chitini chomwe.

Tirigu akayamba kuuma, zilonda zija zimasanduka zakuda. Ena amaganiza kuti yabwera nthenda ina, koma ndi yomweyo: yayamba kubala timbewu tachikopa cholimba, totha kupirira chisanu. Kumaiko ozizira timbewu takudati timagona m'mapesi nyengo yonse ya chisanu, kenaka timatulutsa tina ting'onoting'ono. Chodabwitsa n'chakuti timeneti sitingathe kugwira tirigu. Timafuna chitsamba chaminga chotchedwa barberry. Pa masamba a chitsambacho mpamene bowayu amakwatana, ndipo ana obadwa pamenepo ndiwo amabwerera ku tirigu, ena mwa iwo ali mitundu yatsopano imene mbewu zathu siziidziwa.

Alimi a ku Ulaya anaona kalekale kuti tirigu woyandikana ndi chitsambachi sachita bwino, ndipo mzinda wa Rouen ku France unalamula kuti chizulidwe m'chaka cha 1660. Anthu ophunzira anatenga zaka mazana awiri kuti avomereze, mpaka Anton de Bary wa ku Germany atatsimikiza mu 1865 kuti alimiwo sankanama. Ndimakonda kukumbutsa anzanga a ku ofesi nkhani imeneyi. Dziko la America linayamba kuzula zitsambazi mu 1918, ndipo miliri ya dzimbiri inachepa.

Nanga kuno kwathu? Apa mpamene ndikufuna titchere khutu. Ife tilibe chisanu chopha mbewu zonse, choncho bowayu sasowa chitsamba chobisalamo. Timbewu tofiira tija n'tokwanira, bola tipeze tirigu wamuwisi. Bowayu sangakhale m'dothi, ndipo sayenda m'njere zimene mwasunga. Amafuna mmera wamoyo basi. Ndiye tikakolola amapita kuti? Amapita kwa tirigu womera yekha m'mbali mwa munda, popunthira, ndi m'njira mmene matumba anadontheza. Amapita kudimba kwa mnzathu amene wabzala mochedwa. Akachoka kumeneko amadzapeza mbewu yatsopano itangomera. Timamusungira tokha chakudya chaka chonse, osadziwa.

Komanso mphepo sifunsa chiphaso pa malire. Mu 1998 ku Uganda kunapezeka mtundu woopsa wa dzimbirili, umene unapatsidwa dzina loti Ug99 chaka chotsatira. Unagonjetsa mbewu zimene dziko lonse linkazidalira kwa zaka zambiri. Unafika ku Kenya, ku Ethiopia, n'kuoloka nyanja kukafika ku Yemen mu 2006 ndi ku Iran mu 2007, ndipo abale ake apezeka ku Tanzania, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Maiko awiri mwa amenewa timagawana nawo malire. Ku Ethiopia mu 2013 mtundu wina unasakaza mbewu yotchedwa Digalu, imene alimi ochuluka anaibzala chifukwa inali yobereka bwino. Mbewu imene inapirira kwa atate anu ikhoza kulephera m'manja mwanu, ndipo chifukwa chake si ulesi wanu.

Pempho langa lalikulu likupita kwa inu mafumu, pakuti ntchito iyi siitheka ndi munthu mmodzi. Wina akazula tirigu womera yekha, woyandikana naye n'kumusiya kuti adzadyetse mbuzi, onse awiri aluza. Tigwirizane tsiku lozula m'mudzi uliwonse, patatsala milungu ingapo kuti tibzale, ndipo tibzale nthawi imodzi mmene tingathere. Za mankhwala opopera ndinene mosabisa: amagwira ntchito akathiridwa zilonda zikangoyamba kuoneka, koma ndi odula, ndipo munda umene wafiira kale saudzutsa.

Tirigu akayamba kutulutsa ngala, lowani m'munda kamodzi pa sabata, m'mawa, mutavala malaya oyera ngati muli nawo, chifukwa fumbilo limaonekera msanga pa nsalu. Yang'anani phesi, osati masamba okha. Mukapeza chilonda, dulani phesilo, likulungeni m'pepala, osati m'jumbo, mubwere nalo kwa ine tsiku lomwelo. Zovala zimene munalowa nazo muzichape musanapite m'munda wa mnzanu.