Mbeu ya Mpiru pa Mua: Mau Olalikidwa pa Tsiku Lokumbukira Chiyambi cha Misioni



Mau amene tamva m'Mthenga Wabwino wa Mateyo Woyera, mutu 13, ali a kanjere ka mpiru. Ambuye Yezu afanizira Ufumu wa Mulungu ndi kambeu konyozeka m'maso, kamene pakukula pache kapatsa mbalame pokhala. Ife a pa Mua sitisowa kukafuna fanizo ili kutali, pakuti tiri kukhala mu mthunzi wache lero lomwe. Chifukwa chache tifuna kukumbutsana za mbeu imene idafesedwa pano, ndi za manja amene adaithirira, kuti tizindikire chimene chitiyenera ife olowa m'malo mwao. Pakuti mwana wosadziwa amene adabzala mango a pakhomo sachedwa kuwadula nkhuni.

Nchito iyi idayamba ndi kulephera, ndipo tisachite manyazi kunena chomwecho. Abambo Oyera, ndiwo gulu la amisioni limene Kardinale Lavigerie adaliyambitsa ku Algiers m'chaka cha 1868, adafika m'dziko muno koyamba pakutha pa chaka cha 1889, nakhala kwa mfumu Mponda, kumene Shire aturuka m'nyanja. Masiku amenewo anali a nkhondo ndi malonda a akapolo, ndipo Angelezi ndi Apwitikizi analikulimbirana dziko. Ansembewo adasonkhanitsa ana, nachiza odwala, nadwala malungo iwo eni. Koma m'chaka cha 1891 adalongedza akatundu ao, napita kumpoto ku Mambwe, m'dziko limene lero likutchedwa Zambia. Munthu wowaona tsiku lija akadati, Zatha. Koma kwa Mulungu kunali kusosa chabe.

Zitapita zaka khumi, m'chaka cha 1901, Abambo a Montfort adamanga ku Nzama, m'dera la Ntcheu. Chaka chotsatira Abambo Oyera adabweranso: ena adakhala ku Chiwamba, nasamukira pambuyo pache ku Likuni, ena adafika pano pa Mua m'mwezi wa September 1902, patsinde pa mapiri a Dedza, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, m'dziko la mfumu Kachindamoto. Sadapeze anthu a mtundu umodzi. Adapeza Achewa eni nthaka, ndi Angoni amene analamulira, ndi Ayao cha kunyanja amene ambiri a iwo anali atalandira kale Chisilamu. Yense anali ndi miyambo yache ndi mapembedzedwe ache, ndipo panalibe mmodzi amene anali kuyembekeza alendo obvala mikanjo yoyera.

Tsono mbeuyo idakula bwanji? Apa tifuna kuti mutchere khutu, makamaka inu aphunzitsi, pakuti mbiri iyi ndi yanu.

Lamulo la Abambo Oyera linali lakuti munthu wamkulu asabatizidwe msanga, koma aphunzire zaka zinai, kuti chikhulupiriro chache chiyesedwe ndi makhalidwe ache aoneke. Zaka zinai si masiku ochepa. Nanga ansembe awiri kapena atatu akadatha bwanji kuphunzitsa anthu a m'midzi yonse iyi, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zinai? Sakadatha konse. Wansembe anafika pamudzi kawirikawiri atapita miyezi, woyenda pansi kapena pa njinga, nachita Misa, namva olapa, nagona usiku umodzi kapena uwiri, napitirira. Wotsala pamudzipo anali mphunzitsi. Ndiye amene anamanga kasukulu ka mitengo ndi dothi, kofolera udzu. Ndiye anaitana ana m'mawa, nawaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba ndi mayankho a katekisimu. Ndiye anatsogolera mapemphero a tsiku la Mulungu popanda wansembe. Ndiye anadzutsidwa pakati pa usiku kuti akabatize khanda lofuna kumwalira. Malipiro ache anali ochepa, ndipo anadya za m'munda mwache monga anzache onse. Kwina anamlandira bwino; kwina mfumu inamkaniza malo, ndipo ana amene anawasonkhanitsa anabwezedwa kwao. Mkazi wache ananyozedwa kumtondo ndi kudambo, napirira. Maina a ambiri a iwo sitiwadziwa ife. Ali m'mabuku akale a ubatizo, pamzere wa mboni, ndipo ali m'chikumbumtima cha Mulungu.

Mwa nchito ya anthu otere midzi idachuluka kufikira kuti Mua sadathe kuisenza yekha. Potero misioni ya Ntakataka idatsegulidwa m'chaka cha 1908, ndi ya Bembeke, pamwamba pa mapiri, m'chaka cha 1910. Ndimo m'mene parishi ikulira, abale: ikula pakubala ina, monga nthochi iphukira ana m'mbali mwache.

Mabvuto sadasowe. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambiri adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ena sadabwerere. Itangotha nkhondo, chimfine chachikulu cha 1918 chidalowa m'midzi. Anyamata ambiri analinso kupita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama za msonkho, ndipo njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935, kudzera m'chigwa chathu chino, njira yochokera kwao idafupika. Sukulu zina zidatsala ndi akazi ndi nkhalamba zokha. Pamenepo amai ndiwo adasunga mapemphero m'nyumba, nanyamula ana kumbuyo ulendo wa tsiku lathunthu kudzalandira masakramenti pa Paskha ndi pa Krisimasi. Tikanena za amene adathirira mbeu, tisaiwale agogo athu akazi.

Chinthu china chimene chidapatsa mau a ansembe mphamvu ndicho chifundo chooneka ndi maso. M'chaka cha 1927 pano pa Mua padatsegulidwa malo osungira akhate. Inu achinyamata simudziwa m'mene khate linaopedwera masiku aja, pakuti lero lichiritsika ndi mankhwala. Kale wodwala nthendayi anapatulidwa, nadyera m'mbale yache yekha, nakhala kunja kwa mudzi. Koma kuno adapeza anthu omtsuka zironda ndi kumuitana ndi dzina lache. Ambiri amene sadamve katekisimu adamva ulaliki umenewo. Chipatala chathu ndi sukulu ya ana osamva ziri mphukira za muzu womwewo.

Ndipo taonani zipatso. M'chaka cha 1937 Bambo Kornelio Chitsulo, mwana wa dera lino, adadzozedwa unsembe, woyamba mwa Amalawi onse. Padangopita zaka 35 chiyambire misioni. Yemweyo adadzozedwa Episkopi m'chaka cha 1957, woyambanso m'dziko muno, naweta nkhosa za Dedza mpaka imfa yache m'chaka cha 1984. Winanso wobadwira pa Mua, m'chaka cha 1933, ndiye Ambuye Patrick Kalilombe, amene adalowa gulu la Abambo Oyera, nakhala Episkopi wa Lilongwe m'chaka cha 1972. Kodi anthu awiriwa adayamba kuti kuwerenga? Adayamba kuti kulemba chizindikiro cha mtanda? Si ku Roma ai, koma pamiyendo ya amai ao ndi pamaso pa aphunzitsi onga inu. Mphunzitsi wokhala ndi ana pansi pa mtengo sadziwa amene ali kumphunzitsa.

Pali nkhani ina imene tiyenera kuinena moona, ngakhale iwawa. Zaka zambiri padali udani pakati pa misioni ndi eni madambwe. Ansembe akale adaletsa gule, eni gule nakaniza sukulu, ndipo milandu idafika kwa akulu a boma. Mabanja adagawanika, mbale ndi mbale wache osadyera pamodzi pamaliro. Koma Msonkhano Waukulu wa Eklezia ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udatiphunzitsa kupemphera Misa m'chinenero chathu ndi kuyang'ana miyambo ya makolo ndi maso ofuna kuzindikira, kusiyanitsa chabwino ndi choipa, osataya zonse pamodzi. Potsata mzimu umenewo Bambo Claude Boucher, amene adapatsidwa mfunda wa Chisale, adayamba nchito ya Kungoni m'chaka cha 1976, kumene amisiri osema adaphunzira kuonetsa za Mulungu ndi nkhope za anthu a kuno. Nyumba yosungiramo miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao idatchedwa Chamare, ndilo dzina limene makolo athu adapatsa Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene adakhala pano zaka zambiri. Sitinena kuti mafunso onse adatha. Mkristu ayenera kudziwabe chimene lumbiro lache la ubatizo limloleza ndi chimene limletsa. Koma taphunzira kuti mnansi wathu sakopeka ndi chipongwe.

Tsono tifike pa ife eni. Ambuye Kalilombe, pamodzi ndi Maepiskopi anzao a maiko a kuno kum'mawa kwa Afrika, adalimbikitsa chiphunzitso chakuti Eklezia ayenera kudziimira yekha, kudzitumikira yekha, ndi kudzifalitsa yekha. Ndipo m'menemo mudachokera miphakati imene tisonkhanamo m'midzi yathu. Mau amenewo takhala tiri kuwamva zaka makumi asanu. Funso ndi ili: kodi tawachita?

Tinene mosabisa. Alipo pakati pathu amene ayesabe kuti parishi ndi ya abambo, ndi kuti denga la tchalichi likadontha, ndalama zidzachoka kutsidya kwa nyanja monga kale. Abale, maiko amene adatitumizira ansembe aja ali kusowa ansembe iwo eni, ndipo ana a Afrika ndiwo apita tsopano kukatumikira kumeneko. Mtengo wa zaka zoposa 120 suyenera kuthiriridwa ndi alendo. Alipo makolo amene atumiza mwana ku katekisimu mwezi wotsiriza wokha, nakwiya mphunzitsi akati mwanayo sadakhwime. Pamene agogo ao adayembekeza zaka zinai, osadandaula. Ilipo miphakati imene ikumana pamaliro pokha. Alipo aphunzitsi amene ayenda mtunda wautali tsiku la Mulungu liri lonse, ndipo palibe Mkristu wowafunsa ngati kwao kuli ufa. Zinthu izi zikapitirira, nyumba za njerwa zidzaima ndithu, alendo nadzabwera kudzaona zosema, koma mtengo udzakhala utafumbwa m'kati.

Chifukwa chache tipempha zinthu zitatu, zimene yense akhoza kuchita asanafike masika. Choyamba, mphakati uli wonse ukumane sabata ndi sabata, ngakhale abwere anthu asanu okha, ndipo adziwe wodwala ndi wamasiye wa m'mudzi mwao. Chachiwiri, mtulo ndi zopereka za masika tipereke mokhulupirika, yense monga mwa nkhokwe yache, ndipo akulu a mpingo awerenge poyera zimene zalowa ndi zimene zaturuka, kuti pasakhale kunong'onezana. Chachitatu, mudzi uli wonse usamale mphunzitsi wache: mumthandize kulima, mumlemekeze pamaso pa ana, ndipo muyang'ane mnyamata kapena mtsikana wofatsa amene adzaphunzira kwa iye ndi kulowa m'malo mwache.

Ndipo inu aphunzitsi, musafoke. Tidziwa kuti nchito yanu siioneka, ndi kuti masiku ena mubwerera kunyumba muli kuyesa kuti mwafesa pathanthwe. Kumbukirani a kwa Mponda aja, amene adachoka manja ali lende, osadziwa kuti zitapita zaka zana limodzi chifikire iwo, m'chaka cha 1989, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adzaponda dziko lino ndi kupeza Akristu osawerengeka. Konzani phunziro lanu musanaime pamaso pa ana. Khalani oyamba kufika ndi otsiriza kuchoka. Ndipo makhalidwe anu a pamudzi asatsutse mau anu a m'tchalichi, pakuti ana aphunzira ndi maso koposa ndi makutu.

Tipemphere tsopano chifukwa cha onse amene adagwira nchito m'munda uno nagona: ansembe ndi asisiteri amene adaikidwa kutali ndi kwao, aphunzitsi ndi akazi ao, akhate amene adapirira, ndi makolo athu amene adatinyamula kudza nafe ku ubatizo. Mulungu awapatse mpumulo wosatha. Ndipo ife atipatse chaulere chache, mwa mapemphero a Maria Virigo Woyera, kuti adzukulu athu adzapeze mtengo uwu uli wamoyo, nadzakhale mu mthunzi wache monga takhalamo ife. Amen.