Moyo wa Munthu Amene Wangopezeka ndi Matenda a Shuga

M'zipatala za m'maboma onse a dziko lino, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, mumatuluka anthu amene angouzidwa kumene kuti ali ndi matenda a shuga. Ambiri amabwerera kwawo mankhwala ali m'thumba, koma mtima uli m'mwamba. Wina amafunsa ngati nsima yamuthera pompo, wina amaganiza kuti imfa yayandikira, pamene wina amayamba kukayikira abale ake kuti amulodza. Nkhani ya lero ikunena za munthu wotereyu ndi banja lake, ndiponso zimene ayenera kusintha kuti akhale zaka zambiri ali wamphamvu.

Matendaŵa si achilendo m'Malaŵi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi matenda a shuga. Sasankha wa m'tauni kapena wa kumudzi, ndipo sachokera kwa mfiti.

Chiyambi chake ndi ichi. Chakudya monga nsima, mpunga, chinangwa kapena buledi chikagayika m'mimba chimasanduka shuga, ndipo shugayo amaloŵa m'magazi. Chiŵalo chotchedwa kapamba chimatulutsa insulini, imene ntchito yake ndi kutsegulira shugayo njira kuti aloŵe m'minofu ndi kupereka mphamvu. Pa matenda a shuga a mtundu wachiŵiri, amene amagwira anthu pafupifupi 9 mwa odwala shuga 10 alionse, thupi limaleka kumvera insuliniyo bwinobwino, ndipo m'kupita kwa nthaŵi kapamba amatopa. Tsono shuga amangodzaza m'magazi. N'chifukwa chake wodwala amamva ludzu losatha, amakodza kaŵirikaŵiri makamaka usiku, amafooka, ndipo zilonda zake zimachedwa kupola. Kuchipatala amatsimikiza matendaŵa ngati munthu amene sanadye kanthu usiku wonse apezeka ndi shuga wofika 7.0 mmol/L kapena kupitirira.

Choopsa cha shuga n'chakuti amawononga mwakachetechete ngati chiswe m'denga. Akakhala wochuluka kwa zaka zambiri amaononga mitsempha ya m'maso, impso, mtima ndi mapazi. Mapeto ake ndi khungu, kufa ziŵalo, kapena kudulidwa mwendo. Komanso wodwala shuga satenga nthaŵi kugwidwa ndi chifuwa chachikulu kusiyana ndi munthu wopanda matendaŵa. Koma zonsezi zingathe kupeŵedwa kapena kuchedwetsedwa kwambiri, ndipo ntchito yaikulu imachitikira pakhomo, pa mkeka wodyera.

Funso loyamba ndi la nsima. Wodwala shuga saletsedwa nsima, koma ayenera kuchepetsa. Nsima ya mgaiwa ili ndi gaga wambiri kuposa ya ufa woyera. Komabe mgaiwa nawonso ndi chimanga, kotero kuti munthu wodya mitanda inayi ya mgaiwa sanadzithandize. Njira yosavuta ndiyo kugaŵa mbale m'maganizo: theka likhale la ndiwo zamasamba, monga nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, khwanya, chigwada kapena therere, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale la nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira kapena nkhuku, ndipo gawo lotsalalo ndilo la nsima, pafupifupi kukula kwa chibakera cha mwini wake. Muyeso womwewo ukhudzanso mpunga, kondowole, mbatata ndi chinangwa. Kudya katatu patsiku pa nthaŵi yake n'kwabwino kuposa kukhala ndi njala tsiku lonse n'kudzakhuta kwambiri madzulo.

Zakumwa ndizo zimapha ambiri mosadziŵa. Botolo limodzi la mamililita 300 la zoziziritsa kukhosi lingakhale ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8, ndipo shuga wa m'madzi amathamangira m'magazi msanga. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thobwa, maheu, zakumwa zosungunula ndi madzi, nzimbe ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga zonse zili m'gulu lomwelo. Uchi nawonso ndi shuga ndithu, ngakhale ena amaunamizira kuti ndi mankhwala. Chakumwa cha wodwala shuga ndi madzi, ndipo tiyi wopanda shuga amazoloŵereka pakapita masabata oŵerengeka. Zipatso n'zabwino, koma ndi muyeso: m'nyengo ya mango, bango limodzi likwanira, osati kukhala pansi pa mtengo ndi dengu.

Mafuta ndi mchere ziyeneranso kuchepa, pakuti matenda a shuga amakonda kuyenda limodzi ndi kuthamanga kwa magazi. Mandasi, zitumbuwa, tchipisi ndi nyama yonona zikhale za apo ndi apo. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye kuti supuni imodzi ya tiyi yosadzaza kwenikweni, kuphatikizapo mchere wa m'ndiwo. Moŵa, kaya ndi masese, kachasu kapena wa m'botolo, umasokoneza shuga m'magazi, ndipo ndi woopsa makamaka kwa womwa asanadye. Fodya ndiye wofunika kumusiyiratu, chifukwa amapanikiza mitsempha imene shuga wayamba kale kuiwononga.

Chachiŵiri ndi kugwiritsa ntchito thupi. Minofu ikamagwira ntchito imatenga shuga m'magazi. Malangizo a akatswiri ndi akuti munthu achite zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga kuyenda ndaŵala kwa mphindi 30 masiku asanu. Kulima, kupalasa njinga ndi kutunga madzi zonse zimaŵerengedwa. Amene ali pangozi kwambiri ndi wa mu ofesi, woyendetsa galimoto ndi wogulitsa m'sitolo, amene amakhala pampando kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa.

Kwa munthu wonenepa, kuchepetsa thupi ndi mankhwala aakulu. Wolemera makilogalamu 90 akachotsako makilogalamu 5 mpaka 9, shuga wake amatsika moonekeratu. Kafukufuku wina wa ku Britain wotchedwa DiRECT, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2017, anasonyeza kuti pafupifupi theka la odwala amene anatsata ndondomeko yochepetsa thupi moyang'aniridwa ndi achipatala anali ndi shuga wabwinobwino popanda mankhwala a shuga patatha chaka chimodzi. Pano pali vuto la chikhalidwe. Kwa anthu ambiri kunenepa ndi chizindikiro cha ulemerero, ndipo munthu akayamba kuwonda pamudzi pamabuka manong'onong'o. Wodwala asalole kuti miseche imubwezere m'mbuyo, pakuti maso ndi miyendo zimene zili pangozi ndi zake.

Chachitatu ndi mankhwala. Ambiri amayambira pa mapiritsi a metformin, ena amawonjezeredwa glibenclamide, ndipo ena amafika pobaya insulini, mankhwala amene Frederick Banting ndi Charles Best anatulukira ku Toronto m'chaka cha 1921. Kupatsidwa jekeseni sikutanthauza kuti munthu walephera kapena kuti watsala pang'ono kufa. Cholakwika chachikulu ndicho kusiya mankhwala chifukwa thupi layamba kupeza bwino, kapena chifukwa wina walonjeza zitsamba zochiritsiratu. Womwa glibenclamide kapena wobaya insulini adziŵe kuti akadumpha chakudya shuga angatsike mopitirira. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi ndi kusokonezeka mutu. Zikatero amwe msanga madzi osungunuliramo masupuni atatu a shuga, kenaka adye. Ngati wakomoka, asamwetsedwe kanthu, koma athamangitsiridwe kuchipatala.

Mapazi ayenera kuyang'anidwa tsiku ndi tsiku, chifukwa shuga amachititsa dzanzi, ndipo munthu angaponde minga osamva. Asambitsidwe, apukutidwe bwino pakati pa zala, ndipo mwini wake asayende wopanda nsapato ngakhale pabwalo pa nyumba. Kachilonda kalikonse kakaonetsedwe kuchipatala kasanakule. Maso akapimidwe kamodzi pachaka, ndipo tsiku lobwerera ku kiliniki lisaphonyedwe, kaya ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena pachipatala cha boma lakwawo.

Pomaliza, mutu umodzi susenza denga. Si bwino kuti wodwala aziphikiridwa kamphika kake payekha ngati mlendo, pamene ena onse akudya zonona. Chakudya choyenera wodwala shuga ndi choyeneranso banja lonse, makamaka popeza matendaŵa amayenda m'magazi a pamtundu, ndipo ana ndi abale a wodwalayo ayenera kukayezetsa nawonso. Pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa maliro, wolandira alendo asakhumudwe mlendo akakana botolo la chakumwa n'kupempha madzi. Banja likagwirizana chotere, bambo kapena mayi amene wapezeka ndi shuga lero adzapitiriza kulima munda wake ndi kulera zidzukulu zake kwa zaka zambiri.