Tisanagule tayala lotchipa, tiwerenge zomwe zalembedwa pambali pake



Ena mwadabwa kuona pandondomeko kuti ndiyankhula za matayala, poganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya madalaivala ndi amakaniko. Nkhaniyi ndi yathu alimi. Chinanazi chathu, nthochi, nandolo ndi tomato sizidziyendera zokha kupita pa Chitakale, pa Nkando, pa Limbuli kapena ku Limbe. Zimakwera timagalimoto tija, Probox, Sienta, Vitz, Passo ndi timalole ta Hijet, ndipo tina mwa ito ndi ta makalabu athu kapena ta mamembala anzathu omwe ali muno. Tayala likaphulika pamsewu wa Midima dzuwa likuswa mtengo, tomato wofewayo amakhala wathu. Mwini galimoto akagula matayala katatu pachaka, ndalamayo amaibweza pa thumba lililonse lomwe takweza.

Matayalawa amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inathawa. N'chifukwa chake wogulitsa akanena kuti saizi yanu yasowa kapena ndi yodula koma pali ina yotchipa imene ikwana, ambiri timangovomera. Ine sinditsutsa kusintha saizi. Nthawi zina saizi imene ili yochuluka pamsika imakhaladi yotsika mtengo ndipo imagwira bwino ntchito. Chomwe ndikukana ndi kusintha mongouzidwa.

Pambali pa tayala lililonse pali manambala. Titenge 175/65 R14 82T. Nambala yoyamba, 175, ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 65, ikutiuza kuti khoma la tayala, kuchokera pa limu kukafika pamene limaponda, ndi lalitali magawo 65 pa 100 a kutambalala kuja. 14 ndi kukula kwa limu m'mainchi, ndipo apa palibe kukambirana: tayala la 14 limalowa pa limu ya 14 basi. Kenaka pali 82 uja, amene pafupifupi aliyense amamulumpha, chonsecho kwa ife onyamula matumba ndiye mwini nkhani. Ndibweranso kwa iye.

Posintha saizi, choyamba kuyang'ana ndi msinkhu wa tayala lonse likaimirira. Lamulo lomwe odziwa za matayala amatsata ndi lakuti latsopanolo lisasiyane ndi loyamba kupitirira 3 peresenti. Tayala la 175/65 R14 ndi lalitali mamilimita 583. La 165/70 R14 ndi 587 ndipo la 185/60 R14 ndi 578, onse awiri ali pafupi kwambiri. La 175/70 R14 ndi 601, lili pamalire penipeni. Koma la 185/70 R14 ndi 615, ladutsa ndi 5 peresenti, ndipo galimoto yomwe inabwera ndi 175/65 silikuiyenera ngakhale atakutsitsirani mtengo chotani. Kwa a malimu a 13, amene galimoto yawo inabwera ndi 155/80 R13 angathe kuganizira 175/70 R13, chifukwa msinkhu wake umangosiyana ndi mamilimita atatu, bola aonetsetse kuti limu yawo ikulandira kutambalalako.

Ndamvapo madalaivala akunena kuti tayala lalitali limakweza galimoto kuti isamagunde pansi m'misewu yathu yolowera kumidzi. N'zoona, koma kukwerako n'kochepa kuposa momwe amaganizira. Kuchoka pa 175/65 kupita pa 175/70, galimoto imakwera ndi mamilimita 9 okha, osafika ndi kutambalala kwa chala. Mukapitirira apo, tayala limayamba kukhula mudigadi galimoto ikalemedwa kapena mukakhota kwambiri, mphamvu yokwerera chitunda imachepa, ndipo geji ya liwiro imayamba kunama. Ndi tayala lotalika ndi 5 peresenti, geji ikamaonetsa 80 galimoto imakhala ikuthamanga 84, ndipo apolisi apamsewu samva zoti ndi tayala lalakwa. A makalabu omwe mumalipiritsa galimoto yanu potengera makilomita, dziwaninso kuti geji yowerenga mtunda idzawerenga makilomita ochepa kuposa omwe mwayenda, kalabu n'kumaluza ulendo uliwonse.

Tsopano tibwerere kwa 82 uja. Nambala imeneyi imanena kulemera komwe tayala limodzi lingasenze likapopedwa mokwanira. 79 ndi makilogalamu 437, 81 ndi 462, 82 ndi 475, 84 ndi 500, pamene 88 ndi 560. Mungathe kukwera nambala, koma musatsike. Taonani msampha wake: 165/70 R14 lija ndati msinkhu wake ndi wofanana ndi 175/65 R14, kawirikawiri limabwera ndi 81, osati 82. Pamaso likukwana, posenza latsika.

Tiwerengere limodzi. Galimoto yaing'ono payokha imalemera pafupifupi tani imodzi. Matayala awiri akumbuyo a nambala 79 amasenza makilogalamu 874 onse pamodzi, ndipo gawo lina la kulemerako ladyedwa kale ndi galimoto yeniyeniyo. Ndiye tiikemo matumba khumi a nandolo a makilogalamu 50, onse kumbuyo, pamwamba pake eni ake awiri ndi dengu la chinanazi. Tayala lolemedwa chonchi limapindika khoma, limatentha, ndipo limadzaphulika pa phula pamene galimoto yathamanga, osati pamayenje pamene tikuyenda pang'onopang'ono.

Probox yonyamulira katundu inapangidwa kuti izitenga makilogalamu 400, omwe ndi matumba asanu ndi atatu. Kalole ka Hijet kapena ka Suzuki Carry ndi makilogalamu 350, matumba asanu ndi awiri. Magalimoto amenewa amafuna matayala a katundu, olembedwa LT, C, 6PR kapena 8PR, omwe khoma lake ndi lolimba. Tayala la galimoto yoyendera anthu la saizi yomweyo limatchipa, ndiye ambiri amathamangira limenelo. Apa ndiye pamene ndalama zambiri za alimi zikuthera. Ndiwonjezere kuti tayala lamphamvu siliwonjezera mphamvu ya masipuling'i kapena mabuleki. Tonse muno tikudziwa kuti timapachika kuposa muyeso chifukwa mafuta ndi odula, koma tisamadzinamize kuti tayala latichotsera ngoziyo.

Za matayala a kaunjika ndinene mwachidule. Funani malembo akuti DOT, ndipo chakumapeto kwake mupeza manambala anayi. 2319 akutanthauza kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mphira umakalamba ngakhale mano akuoneka akuya, choncho tayala lomwe ladutsa zaka zisanu ndi chimodzi liyang'anitsitseni ming'alu, ndipo la zaka khumi lisiyeni. Likakhala ndi chotupa pakhoma, musafunse n'komwe mtengo. Chenjeraninso ndi matayala olembedwa STUDLESS, okhala ndi chizindikiro cha phiri ndi timizere tambirimbiri m'mano mwake. Amenewa anapangira misewu yozizira youndana ya ku Japan. Mphira wake ndi wofewa, kuno kotentha amasungunuka ngati sopo, ndipo pa phula lonyowa sagwira bwino mabuleki. Mvula ya Mulanje mukuidziwa nokha. Tayala la theka la mtengo limene litha pa miyezi itatu pamene linzake likanatha chaka, mwaligula mowirikiza kawiri.

Matayala awiri a kutsogolo akhale ofanana saizi, awiri a kumbuyo chimodzimodzi, ndipo galimoto ya 4WD onse anayi afanane. Muyeso wa mpweya walembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo pomwepo mupezanso saizi yomwe galimotoyo inabwera nayo. Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe.

Pomaliza, ntchito ya bungwe. Feteleza timagula pagulu kuti atsike mtengo, nanga matayala chikutiletsa n'chiyani? Ndikupempha kalabu iliyonse ilembe magalimoto omwe amainyamulira mbewu ndi saizi za matayala ake, kuti tikapita ku Limbe tikanenerere mtengo wa matayala makumi awiri, osati limodzi. Ndikupemphanso msonkhano uno uvomereze makalata awiri. Ina ipite ku Malawi Bureau of Standards, yopempha kuti aziyendera malo ogulitsa matayala akale m'boma lino. Ina ipite ku khonsolo, chifukwa pa lita iliyonse ya mafuta timalipirapo msonkho wa misewu, ndipo tili ndi ufulu wofunsa kuti misewu yopita kuminda, makamaka yomwe inakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, ili pati pandondomeko yokonza.

Tikamwa tiyi, alembi a makalabu tikumane panja pamene paima magalimoto. Aliyense atenge kope ndi cholembera, tikayambira pa Probox yoyera ili pansi pa mtengo wa mango.