Tchuthi cha Khirisimasi ndi Ana Athu Aang'ono

Mawu oyankhulidwa pa mwambo wa chikhalidwe ku Fort Lister, m'boma la Phalombe



Ndapemphedwa kuti ndiyankhulepo za moyo wa m'banja pa nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, makamaka m'makomo momwe muli ana aang'ono. Wina angadabwe kuti nkhani ya mpunga, nkhuku ndi makanda olira usiku ikudzatani pa mwambo waulemu ngati uno. Chifukwa chake n'chakuti mabanja athu ambiri amene amakhala kutali amafika kumudzi kamodzi pachaka, sukulu zikatsekera mu Disembala ndipo makolo akapuma kuntchito. Ndiye kuti agogo amakhala ndi masabata awiri okha oti aonane ndi adzukulu awo. Zimene timachita ndi masiku ochepawo ndi zimene zidzaonetse ngati magule amene taonera lero adzakhale ndi owavina ife tikadzapita.

Ndiyambe ndi malo amene tasonkhanapo. Mpata uwu, pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, unali njira ya ogula akapolo popita kugombe la nyanja yamchere, cha ku Quelimane. M'chaka cha 1893 boma la Britain, motsogozedwa ndi Harry Johnston, linamanga linga pano kuti litseke njirayo, ndipo analitcha dzina la Villiers Lister, mkulu wina wa boma ku London. Pano palinso manda a Gilbert Stevenson, msuweni wake wa mlembi wa mabuku Robert Louis Stevenson. Dzina la mlendo ameneyu tikulidziwa kufikira lero, koma mayina a ana amene anadutsa pampata pano ali m'mbuyo mwa amayi awo omangidwa m'magoli sanalembedwe paliponse. Mwana wogulitsidwa ankataya dzina lake, kenaka chiyankhulo cha amayi ake, ndipo potsiriza sankathanso kutchula mudzi umene anabadwira.

Patapita zaka zochepa, dera lomwe lino linalandira ulendo wina wolowera mbali ina. Makolo a ambiri a ife, Amihavani, Akokhola, Atakhwani, Amanyawa ndi ena, anachoka ku Mozambique kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anafika ndi ana kumbuyo, mbewu m'mafukusi ndi chiyankhulo pakamwa. Kuno anakumana ndi thangata m'minda ya azungu ndiponso dzina lachipongwe lakuti Anguru, limene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 mpaka boma linavomera dzina lakuti Alomwe. Chitonzo chimenecho chinachititsa makolo ambiri kuyankhula Chilomwe m'nyumba mokha, ena osachiyankhula konse pamaso pa ana. Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ana a sukulu anapezanso chifukwa china chosiyira cha kwawo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alomwe ndi pafupifupi anthu 19 mwa anthu 100 alionse m'Malawi, mtundu wachiwiri kwa Achewa pa kuchuluka. Komabe inu nomwe mukudziwa kuti m'midzi yathu yambiri otha kucheza m'Chilomwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi okalamba. Lero palibe akutilanda ana ndi mfuti, koma mwana angathe kukula osadziwa kwawo pamene makolo ake onse ali moyo.

Tsopano tione mmene tchuthi chimenechi chimakhalira m'makomo mwathu. Maminibasi a ku Limbe amatsitsa anthu pa Migowi ndi pa boma, akabaza n'kuwanyamula pamodzi ndi zikwama zawo. Ena achokera ku Lilongwe, ena ku Johannesburg. Nyumba ya agogo imene inali zii chaka chonse imadzaza. Ana amagona asanu pamphasa imodzi, wina akulirira magetsi, wina akuopa kupita kuchimbudzi usiku, wina wadya mango osapsa ndipo m'mimba mwamuvuta. Mayi amene amayembekeza kupuma amapezeka akuchapa ndi kuphika kuposa masiku a ntchito. Nthawi yomweyo mvula yagwa, udzu wamera m'chimanga, ndipo eni mudzi akulawirira kukapalira. Nkhokwe nazo zayamba kupepuka. Si nyengo yophweka kwa olandira alendo ngakhale kwa alendo omwe, ndipo tisachite manyazi kuvomereza zimenezi. Komabe m'chipwirikiti chomwecho ndi momwe muli mwayi umene ndikunenawu.

Ndaphunzitsa kusekondale zaka zambiri, ndipo Januwale aliyense ndimafunsa ophunzira za kumene anakakhala pa tchuthi. Ambiri amafotokoza bwino zimene anadya ndi zimene anavala. Ndikawafunsa dzina la mfumu ya mudzi wa amayi awo, kapena mtsinje umene amatungako madzi, manja amatsika. Mwana wa Fomu 1 amene sadziwa zimenezi sanaphunzitsidwe ali ndi zaka zisanu, pamene mutu wake unkatola chilichonse ngati nkhuku pamtondo. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. N'chifukwa chake ndikupempha makolo ndi agogo kuti mwana wobwera ku tchuthi asabwerere m'tauni wopanda zinthu zimene nditchule apa.

Choyamba, adziwe abale ake. Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ali ndi udindo pa mbumba yawo. Mwana wokulira m'tauni amatcha aliyense wamkulu ankolo kapena anti, motero sasiyanitsa mlongo wa amayi ake ndi mnzawo wa bambo ake wa kuntchito. Mutengeni pamanja mumuyendetse khomo ndi khomo. Muuzeni kuti awa ndi amalume, awa ndi azakhali, awa ndi amayi aang'ono, uyu ndi msuweni wako. Muonetseni munda wa agogo ake ndi malire ake. Milandu yambiri ya malo imene mafumu athu akuweruza masiku ano ikuchokera kwa anthu amene anafika kumudzi koyamba tsiku la maliro.

Chachiwiri, amve chiyankhulo. Agogo musadzichepetse poyesa Chingerezi kuti mukondweretse mdzukulu, pakuti Chingerezi adzachipeza kusukulu kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mupatseni moni wa m'mawa m'Chilomwe, ndipo mudikire kuti ayankhe. Mvula ikamagwa muuzeni kuti iyi ndi epula. Popempherera chakudya amve dzina lakuti Muluku. Akaloza khomo muuzeni kuti ndi mulhako. Mwana wa zaka zinayi amagwira mawu msanga kuposa wophunzira aliyense amene ndinamuphunzitsapo m'kalasi, ndipo alibe manyazi polakwitsa. Chimene chimamutseka pakamwa ndi kuseka kwa akuluakulu. Akapotoza mawu, muwongoleni mofatsa ndipo muwauze ana a pamudzi kuti asamunyoze. Mawu awiri patsiku kwa masabata awiri ndi mawu pafupifupi makumi atatu, ndipo chaka chamawa adzawonjezera pamenepo. Makolo amene simuchidziwa, khalani pomwepo muphunzire limodzi ndi mwana wanu.

Chachitatu, agwire ntchito ya msinkhu wake ndipo adye za pamudzi. Sindikunena zomupatsa khasu lalikulu kapena kumusenzetsa ndowa. Wa zaka zitatu angathe kuwaza chakudya cha nkhuku, wa zaka zisanu angathe kusankha nandolo m'lichero, wa zaka zisanu ndi ziwiri angathe kutsatira agogo kumunda n'kuphunzira kusiyanitsa chimanga ndi udzu. Mpunga ndi nkhuku zikhalepo pa 25 Disembala monga mwa masiku onse, koma masiku enawo alawe makaka, nandolo, chigwada ndi thobwa. Aone mmene kalongonda amaphikidwira, nthawi yaitali ndi mosamala, ndipo amve chifukwa chake. Ngumbi zikatuluka mvula itagwa, mulekeni athamange ndi anzake. Mayi wobwera ndi chakudya chapadera cha mwana wake, n'kumamudyetsera kuchipinda anzake akuyang'ana, akumuphunzitsa kuti iye ndi wosiyana ndi abale ake, ndipo phunziro limenelo silichedwa kulowa.

Chachinayi, madzulo akhale a nthano. Kale zinkachitika zokha chifukwa kunalibe china chochita dzuwa likalowa. Lero foni yafika mpaka pakhonde la agogo, ndipo n'chapafupi kuipereka kwa mwana kuti aleke kuvuta. Ndikupempha ola limodzi lokha mutatha kudya, mafoni onse ali m'thumba, kuyambira a bambo. Agogo akati padangokhala, ana ayankhe kuti tili tonse. Aponyerane ndagi. Ngati foni iyenera kugwira ntchito, ijambule mawu a agogo akusimba za ulendo wa makolo awo kuchokera kufupi ndi phiri la Namuli, kuti mwanayo adzawamvenso ali ndi zaka makumi atatu. Ndipo tsiku lina kukacha bwino, bwerani nawo kuno ana okulirapo. Ambiri a iwo adzawerenga za malonda a akapolo m'buku la sukulu osadziwa kuti njirayo inadutsa pafupi ndi munda wa agogo awo. Gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014, amuone akuvinidwa pabwalo la mudzi wawo asanamuone pa wailesi yakanema.

Zonsezi n'zopanda phindu ngati mwanayo sabwerera wamoyo ndi wathanzi. Ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa za mphamvu ya madzi. Napolo wa mu Malichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatisiyira manda atsopano ndi mabanja opanda pokhala. Mtsinje wochokera m'phiri umadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumudzi kuno kusanagwe dontho. Mwana wa pamudzi amadziwa kuona mtundu wa madzi ndi kumva mkokomo wake, pamene wa m'tauni amangoona malo osambira. Asapite ku Phalombe, ku Likulezi, ku Sombani kapena kukamtsinje kalikonse popanda wamkulu. Ino ndi nyengonso ya udzudzu, choncho neti ikhale m'chikwama pamodzi ndi zovala zatsopano, ndipo mwana akatentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, likhale la Khirisimasi kapena ayi. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala, chifukwa kolera wa 2022 ndi 2023 tikumukumbukira tonse.

Kwa abambo anzanga ndili ndi mawu apadera. Pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere ana ambiri amakhala opanda owayang'anira chifukwa akuluakulu ali kumowa. Mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi amasiyiridwa khanda tsiku lonse, ana amatumidwa kukagula kachasu, ena amayenda usiku kuchokera kumalo oonetsera mafilimu pamsewu wodzaza ndi njinga zamoto. Mwana amakumbukira bambo amene anamupangira galimoto ya mawaya pakhonde, amakumbukiranso bambo amene anabwera akudzandira n'kumenya amayi ake pamaso pa agogo. Ndalama nazo tiziwerenge tisanayambe chisangalalo. Januwale amafika ndi makope, yunifolomu ndi feteleza wobereketsa, ndipo mwana amene anavala nsapato zatsopano pa 25 Disembala sayenera kukhala pakhomo sabata yotsegulira sukulu chifukwa chosowa cholembera.

Tisaiwale ana amene alibe wobwera kudzawaona. Alipo amasiye, alipo amene bambo awo anapita ku Joni n'kusiya kutumiza ngakhale uthenga, alipo amene nyumba zawo zinapita ndi madzi. Iwowa amaima kumpanda akuonerera anzawo akutsegula mabotolo a Fanta. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pogula maswiti werengani ana a pabwalo lonse, ndipo pothira mpunga mumphika onjezani chikho chimodzi. Mwana wanu akaona zimenezi waphunzira chikhalidwe chathu mozama kuposa mmene ine ndingamuphunzitsire pa bolodi.

Mafumu athu, ndikupemphani kuti nkhaniyi muikumbutse pamisonkhano ya m'midzi Disembala asanafike. Atsogoleri a mipingo, ikumbutseni paguwa. Agogo, konzekerani nthano zanu monga mmene mumakonzekerera nkhuku ya alendo. Ndipo inu makolo, pokwera minibasi yobwerera mu Januwale, mufunseni mwana wanu kuti atchule dzina la mudzi wake, dzina la malume ake ndi moni wa m'mawa m'chiyankhulo cha agogo ake. Akayankha bwino, dziwani kuti ndalama ya ulendo sinapite pachabe.

Mulungu adalitse ana athu ndi midzi yathu.